Makaroni a tchizi pa mbaula: yankho kwa mayi wa ku Kapata

Mayi wina wa ku Kapata, muno mu Chipata, walemba kuti: "Lamlungu likubwerali apongozi anga akubwera kuchokera ku Katete, ndipo ana andiumiriza kuti ndiphike makaroni a tchizi ngati amene anadya ku phwando la mnzawo. Ndinayesapo kamodzi. Ndinaphika makaroni, n'kudulira tchizi momwemo mphika uli pamoto. Panatuluka mafuta okhaokha, tchizi n'kusanduka ngati mphira. Uvuni ndilibe, ndimaphikira pa mbaula. Tidzakhalapo anthu asanu ndi atatu. Nditani kuti ndisachite manyazi pamaso pa apongozi?"

Mayi anga, mtima ukhale m'malo. Simunagule tchizi choipa ayi, ndipo manja anu alibe mlandu. Zimene zinachitika mumphika mwanu zimachitikira aliyense amene waika tchizi pamoto chili chokhachokha. Ine chakudya ichi ndachiphika kambirimbiri, poyamba m'khitchini ya loji ina ku Mfuwe, kumene alendo akunja ankachipempha ana awo akakana zina zonse, kenaka pakhomo panga, nthawi zambiri pa mbaula popeza magetsi athu mukuwadziwa mmene amazimira. Ndikuuzeni zoona: ngati mumatha kuphikira mwana phala lopanda mibulu, makaroni a tchizi sangakukanikeni. Luso lake ndi lomwelo, dzanja lake ndi lomwelo.

Tiyambe ndi chimene chinalakwika, chifukwa mukachimvetsa simudzabwerezanso. Tchizi ndi mkaka umene auundanitsa n'kuufinya madzi. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tchizi cholimba ngati cheddar pamalowa mkaka pafupifupi malita 10, n'chifukwa chake mtengo wake umaluma chonchi. M'kati mwa chibulumacho muli zinthu zitatu zogwirana manja: mafuta, madzi otsalira, ndi mapuloteni a mkaka amene amamanga zonsezo pamodzi ngati ukonde. Chikafunda pang'ono, zitatuzi zimafewera limodzi. Koma moto ukakula, mapuloteni amakhwinyata monga imakhwinyatira nyama pa makala, ndipo pokhwinyatapo amafinyira mafuta ndi madzi kunja. Mafuta amene munawaona akuyandama ndi amenewo. Chonanda ngati mphira chija ndi mapuloteni atatsala okha. Zikafika pamenepo palibenso kubweza, ndipo moto wa makala, mmene uliri ukali, umazifikitsa pamenepo m'kanthawi kochepa.

Mankhwala ake ndi phala. Musanakhudze tchizi, mumayamba mwaphika phala la batala, fulawa ndi mkaka. Afalansa amalitcha béchamel, koma inu mukaliona mumphika mudzangoti ili ndi phala loyera basi. Fulawa akapsa mumkaka amatupa, ndipo ndi iyeyo amene amaima pakati pa mafuta ndi mapuloteni a tchizi kuti asathawane. Kenaka mumaphula mphika, kuuika pansi, ndiye n'kuthira tchizi. Mphika uli pansi, osati pa mbaula. Mukaiwala zina zonse zimene ndilembe apa, ichi chokha muchisunge.

Tsono za kogula. Kwa anthu asanu ndi atatu, pakakhala zakudya zina patebulo, paketi imodzi ya makaroni ya magalamu 500 ikukwanirani. Pamenepo mufunika lita imodzi ya mkaka, masupuni aakulu anayi a batala, masupuni aakulu asanu ndi limodzi a fulawa wa tirigu osasefukira, ndi tchizi cholemera magalamu 300, chimene mukachipala chimadzaza makapu atatu. Wokhala ndi ndalama angathe kufika pa magalamu 400 a tchizi, koma kupitirira apo n'kuwononga ndalama. Batala akakwera mtengo, majarini wolimba wophikira makeke alowa m'malo mwake bwinobwino. Pewani majarini wofewa kwambiri amene amalembedwa kuti ndi wochepa mafuta, chifukwa muli madzi ambiri ndipo fulawa sakazingika bwino mmenemo. Fulawa akhale wamba, osati uja wosakaniza kale ndi zofufumitsa.

Mukalowa mu Shoprite kapena sitolo ina ya mafiriji m'tauni muno, tchizi chimene mudzachipeze kawirikawiri ndi cheddar ndi gouda. Cheddar dzina lake linachokera ku mudzi wa Cheddar ku Somerset, ku England, ndipo gouda ku tauni ya Gouda ku Netherlands, ngakhale lero zimapangidwa m'maiko ambiri. Cheddar ndiye mwini fungo ndi kakomedwe. Gouda sichimveka kwambiri pa lilime koma chimasungunuka mosalala. Ine ndimakonda kuphatikiza: magawo awiri cheddar, gawo limodzi gouda. Ngati ndalama ikulola chimodzi chokha, tengani cheddar. Mukaona cholembedwa kuti mature, ndiye kuti chinasungidwa miyezi yambiri ndipo fungo lake ndi lamphamvu, moti chochepa chimagwira ntchito ya chambiri. Mozzarella musiyeni, ameneyo ndi wa pitsa: amatamuka ngati ulimbo koma kukoma kwake n'kochepa. Feta, choyera chamchere chija, sichisungunuka n'komwe. Ndipo gulani chibuluma muzipala nokha. Chopalapala kale cha m'mapaketi amachiwaza ufa woti chisamatirane, ndiye chimasungunuka mwamphwephwa, kuwonjezera apo chimadula.

Pali kachinsinsi kamodzi kamene m'makhitchini ena amachita nako manyazi koma ine ndimakakonda. Timapepala ta tchizi tija tokulungidwa kamodzikamodzi m'pulasitiki, toika m'buledi, tili ndi mchere wina wapadera umene umaletsa mafuta kupatukana ndi mapuloteni. Tchizi chamtundu umenewu James L. Kraft wa ku America anachilembetsa kuti ndi luso lake mu 1916. Pachokha kakomedwe kake si kenikeni, koma mukaponya timapepala tiwiri kapena titatu mu phala lanu musanathire cheddar, phala lonse limatuluka losalala ngati mafuta odzola. Kwa munthu wophikira pa makala, pamene moto sumvera munthu, timeneti ndi chitetezo chabwino.

Mkaka ukhale wa mafuta ake onse. Wa m'mabokosi wokhalitsa uja ndi wabwino ndithu. Ngati mumagula wa ng'ombe kwa obwera nawo pa njinga m'mawa, uwiritseni kaye n'kuusefa, chifukwa mkaka wosawiritsa ukhoza kunyamula matenda a ng'ombe, kuphatikizapo chifuwa chachikulu. Waufa nawonso umagwira ntchito mukausungunula molingana ndi mmene alembera pachitini, bola ukhale mkaka weniweni. Ufa woyera wothira mu khofi si mkaka, ndi mafuta a zomera ndi zotsekemera, ndipo udzakupatsani makaroni ozuna ngati phala la mwana. Mabisi, mkaka wosasa uja, musayese: amadukaduka akangomva moto.

Musanakoleze moto, konzeratu zonse pafupi. Palani tchizi chikadali chozizira, pa gireta yomwe mumapalira kaloti, mbali ya mabowo aakulu. Chikafunda chimamatirira m'manja. Gawani: makapu awiri ndi theka a mu phala, theka la kapu lowaza pamwamba. Yezani fulawa m'kambale, batala m'kambale, mkaka mujagi. Phala ili likayamba silidikira munthu amene wathamangira m'nyumba kukasaka supuni.

Mbaula imodzi ikukwanira mukatsata ndondomeko ya moto wake. Makala akangoyaka amakhala aukali, nthawi imeneyo ndi ya makaroni. Akayamba kuvala phulusa, moto wafatsa, nthawi imeneyo ndi ya phala. Otsala ofiira bwino ndi owotchera pamapeto.

Apa ndiima pang'ono pa kaphikidwe ka makaroni, chifukwa ambirife timawaphika ngati mpunga: timadzi tochepa, kuvundikira, mpaka afewe phwetete. Ayi mayi. Tengani mphika wanu waukulu, madzi malita anayi kapena asanu, awire mpaka kugaduka. Thirani mchere supuni yaikulu imodzi yodzaza, lawani, madziwo amveke mchere ngati msuzi wa ndiwo. Mchere umene makaroni sanamwe ali m'madzi sadzaumwanso pambuyo. Akhuthulireni madzi akugaduka, takasani nthawi yomweyo ndi mthiko kuti asagwirane pansi, ndipo musavundikire. Onani mphindi zimene alemba pa paketi, muchotsepo ziwiri. Komabe wotchi isakulamulireni: kuno ku Chipata tili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye madzi amawira asanafike pa madigiri 100 ndipo nthawi zina makaroni amachedwerako pang'ono. Vuulani limodzi, lumani. Likhale lofewa kunja koma pakati pakhale kolimba pang'ono kokana dzino. Pamenepo phulani, chifukwa adzapitiriza kupsa mu phala ndi powotcha. Mukawapsetsa tsopano, patebulo padzafika bota.

Musanatsanule madzi, tungani kapu imodzi muike pambali, idzakuthandizani kutsogoloku. Tsanulani otsalawo. Musathire mafuta ophikira m'madzi ndipo musawatsuke makaroni ndi madzi ozizira. Kunanda kumene kumatsala pa makaroni ndi kumene kumagwira phala. Ngati adikira kanthawi, ponyanimo kabatala kakang'ono, gwedezani, vundikirani.

Tsopano phala lenilenilo. Chepetsani makala, kapena wazani phulusa pamwamba pake. Mphika ukhale wokhuthala pansi, ngati uja mumaphikira nsima, osati tipoto topyapyala timene timapsereza. Funditsani kaye mkaka pang'ono, ungofunda ngati wa mwana. Ine ndimaponyamo theka la anyezi pamene ukufunda n'kudzamuvuula pambuyo, amasiya fungo labwino losadziwika kumene lachokera.

Sungunulani batala. Akasungunuka n'kuyamba thovu, asanade, thirani fulawa yense nthawi imodzi n'kutakasa. Zidzaoneka ngati mchenga wonyowa, kenaka zidzafewa n'kumatuwira timathovu. Takasani osaleka kwa mphindi ziwiri. Gwiritsani ntchito mphuno: poyamba pamamveka fulawa wamuwisi, kenaka fungo limatembenuka kukhala ngati la masikono amene akupsa. Likatero, fulawa wapsa. Mtundu ukhalebe wotuwa mwachikasu. Ukayamba kufiira mwadutsa, ndipo ukada yambaninso, musaumire, chifukwa kuwawa kwake kumalowerera chakudya chonse.

Thirani mkaka theka la kapu basi. Mudzamva kuti tsaa, ndipo zonse zidzagwirana kukhala chibuluma chimodzi ngati nsima. Apa ndi pamene anthu ambiri amachita mantha n'kukhuthuliramo mkaka wonse, ndiye mibulu imabadwira pamenepo. Inu musatekeseke. Vundulani chibulumacho monga muvundulira nsima, mpaka chisalale. Onjezerani theka lina la kapu, vundulaninso mpaka mkaka wonse umwedwe. Kachitatu chimodzimodzi. Pofika kachinayi chidzakhala chitamasuka ngati phala lokhuthala, ndipo kuyambira pamenepo mungathe kumathira kapu yathunthu. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkaka wonse ukalowa, pitirizani kutakasa, mthiko uzikanda pansi ndi m'mbali mwa mphika, mpaka liyambe kubwata pang'onopang'ono. Lisiyeni libwate chomwecho mphindi zinayi kapena zisanu, inu mukutakasabe. Poyesa, viikani supuni, itembenuzeni, lembani mzere ndi chala kumsana kwake. Mzerewo ukakhala osatsekeka, phala lapsa. Likhale loyenderera, lopepukirapo kuposa phala la m'mawa, pakuti tchizi chidzalilimbitsanso.

Phulani. Ikani mphika pansi kapena patebulo, werengani pang'onopang'ono mpaka 30 kuti kubwata kuleke. Yambani ndi timapepala tija ngati muli nato. Kenaka makapu awiri ndi theka aja a tchizi chopala, dzanja limodzi, takasani mpaka chizimirire, dzanja lina, takasani, choncho mpaka chithe. Kutentha kwa phala n'kokwanira kuchisungunula. Mudzaona likusintha pamaso panu, kuchoka poyera mbee kufika pa chikasu chonyezimira, ndipo mukanyamula mthiko limatsika ngati nsalu, osaduka. Nthawi imeneyi ine imandisangalatsa mpaka lero.

Lawani musanathire mchere, popeza tchizi chili kale ndi mchere wake. Onjezerani tsabola wakuda wopera pang'ono, ndi theka la supuni yaing'ono ya mpiru wa m'botolo uja timapaka pa soseji. Mpiruwo sudzamveka pawokha, ntchito yake ndi kudzutsa kakomedwe ka tchizi, ndipo umathandiza kwambiri tchizi chikakhala chochepa. Timabuloko tokometsera ndiwo musaponyemo. Timaphimba tchizi chimene mwachigula modula, n'kusiya chakudya chikumveka ngati supu wa paketi.

Khuthulirani makaroni mu phala n'kusakaniza mofatsa. Zikaoneka ngati phala lachuluka, ndiye kuti zili bwino. Makaroni amamwabe, ndipo chimene chikuoneka chothithikana bwino mumphika chimadzauma gwa patebulo. Zikalimba, thirani madzi a makaroni aja munasunga, pang'onopang'ono, mpaka mthiko uziyenda momasuka ndipo pazimveka kaphokoso konyowa mukamatakasa.

Pamenepa chakudya chapsa, mukhoza kupakula. Ana ambiri amakonda choterechi, chofewa. Koma poti kukubwera apongozi, ndikufuna muwaikire chokhala ndi nkhoko pamwamba, ndipo uvuni sikufunika. Ambuya athu ankawotcha chikondamoyo mumphika, makala pansi, makala pa chivundikiro, ndipo njira yake ndi yomweyo. Pakani batala mumphika wotakata, wosazama kwambiri, wa chivundikiro chachitsulo chopanda chogwirira chapulasitiki. Thiranimo makaroni, osawatsendera, ndipo pakati pa chakudya ndi chivundikiro patsale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Wazani tchizi chija munasiya. Pamwamba pake wazani nyenyeswa za buledi wagona, magawo awiri ofikisa m'manja n'kusakaniza ndi supuni ya batala wosungunula.

Tsono moto. Pansi pakhale makala ochepetsetsa, atatu kapena anayi okwiririka ndi phulusa, ongoti mphika usazizire. Makala ambiri apite pa chivundikiro, muwayale mozungulira m'mphepete ndi ochepa pakati. Kusiyana kwake ndi chikondamoyo n'kwakuti apa zam'kati zapsa kale, chimene tikufuna ndi kufiiritsa pamwamba pokha. Moto wapansi ukakula, phala lidzawira, tchizi chidzatulutsa mafuta, ndipo mudzabwerera pomwe munayambira paja. Pakatha mphindi 10 nyamulani chivundikiro mosamala, mochiwongola kuti phulusa lisagwere m'kati, suzumirani. Mbali imodzi ikafiira msanga, tembenuzani chivundikirocho. Kawirikawiri mphindi 15 mpaka 20 zimakwana: pamwamba pamakhala pofiirira ngati chitumbuwa chopsa bwino, m'mphepete mukutuluka timathovu. Wokhala ndi uvuni aike pa madigiri 180 kwa mphindi 20 kapena 25, osavundikira. Mukaphula, dikirani mphindi 10 musanapakule kuti zigwirane. Mudzaona ana akulimbirana nkhokoyo monga tinkalimbirana ya mumphika wa nsima.

Zinthu zikapotoka pakati panjira, zambiri zimakonzeka. Phala likachita mibulu tchizi chisanalowe, lisefeni pa sefa ya tiyi yaikulu kapena ya ufa, mukukanikiza ndi supuni, palibe amene adzadziwe. Likapserera pansi, musakande: tsanulirani lapamwamba mumphika wina n'kusiya lopsereralo. Likakhala lamadzimadzi, libwezereni pamoto wofatsa, koma tchizi chisanalowe. Likayamba kuoneka lamchengamchenga mutathira tchizi, ndiye kuti linatentha kwambiri. Thirani msanga mkaka wozizira masupuni atatu ndi kapepala kamodzi ka tchizi, n'kupuntha mwamphamvu. Nthawi zambiri limabwerera, ndipo ngakhale lisabwerere kwenikweni, kukoma kumakhalapobe.

Ndikudziwa kuti magalamu 300 a tchizi si ndalama yochepa pa nyumba ya ana. Mukapeza 200 okha, musataye mtima. Phikani dzungu lakupsa bwino, lofiira m'kati, lipoteni mpaka lisalale, muthire kapu imodzi mu phala musanaike tchizi. Limapereka mtundu wachikasu wokongola ndi kukhuthala, ndipo kutsekemera kwake kumagwirizana ndi cheddar. Pamenepo mpiru uja musauiwale, ndipo tchizi chambiri ndithu muchisungire pamwamba pamene lilime limayambira kulawa. Ena amamenya dzira limodzi kapena awiri n'kusakaniza ndi makaroni atazizirako asanawotche. Zimenezo zimapangitsa kuti chakudya chizidulika ngati keke ndipo chimakhutitsa msanga. Ndi njira yabwino, bola dzira lisalowe mu phala lotentha, lingapse n'kukhala timibulu. Anyezi wokazinga, soseji yodula timagawo, kapena nyama ya nkhuku yotsala mungathe kusakanizamo. Matimati okha asalowe mu phala, chifukwa kuwawasa kwake kumadula mkaka. Ngati mumawakonda, dulani mopyapyala muyale pamwamba musanawaze nyenyeswa.

Anawo akakufunsani kumene chakudyachi chinachokera, auzeni kuti makaroni ndi a ku Italy, ndipo kuphika makaroni ndi tchizi n'kwakale ku Ulaya: ku England njira yofanana ndi yathuyi inasindikizidwa kale m'buku la zophikaphika mu 1769. Ku America nkhani yake imatchula Thomas Jefferson, amene anadzakhala pulezidenti wachitatu wa dzikolo, koma amene ankagwira mthiko m'khitchini mwake anali James Hemings, munthu wakuda amene anali kapolo wake, yemwe anaphunzira kuphika ku Paris m'zaka za m'ma 1780. Mpaka lero m'mabanja ambiri a anthu akuda ku America, makaroni a tchizi owotcha ndi chakudya cha Lamlungu ndi cha masiku a chikondwerero, ndipo sapatsa aliyense kuti aphike, amasankha wodziwa. Mu 1937 kampani ya Kraft inayamba kugulitsa a m'bokosi okhala ndi tchizi chaufa, otsika mtengo, ndipo ndi amene anafalitsa chakudyachi m'nyumba za anthu wamba kumeneko. Amene mukuphika inuwa ndi enieni, a pamanja.

Tsopano mundilole ndilankhule ngati mlongo wanu, osati ngati wophika. Nsima muphike. Apongozi ochokera ku Katete mukawaikira makaroni okha, adzadya mwaulemu, adzathokoza, koma pobwerera adzati kwa mwana wathu tinagona ndi njala. Ndipo sadzakhala akulakwa, pakuti kwa ife amene tinakulira pa nsima, tsiku lopanda nsima silinadyedwe. Iphani nkhuku ya kumudzi, muwapatse nthutumba ndi chiwalo chaulemu monga mwa mwambo, pakhale chibwabwa chotendera kapena repu, nsima yotentha, ndipo makaroni abwere pambali ngati chinthu chatsopano choti alaweko. Mukatero, mwalemekeza akulu ndipo mwasangalatsa ana. Ndiwo zamasamba zimathandizanso chifukwa chakudya ichi n'cholemera, chimafuna chinthu chopepuka pambali pake. Saladi ya kabichi ndi matimati yofinyira ndimu imagwirizana nacho kwambiri. Msuzi wa nkhuku ukakhudza makaroni m'mbale, musadandaule, n'zokoma zedi.

Powapakulira akuluakulu, yambani ndi supuni imodzi kapena ziwiri. Anthu ambiri akakula mimba zawo sizigaya bwino shuga wa mumkaka, ndipo amatupidwa kapena kutsegula m'mimba akamwa wochuluka. Tchizi cholimba ngati cheddar chili ndi shuga ameneyu wochepa kwambiri, koma lita ya mkaka ija ili naye. Fungo la tchizi nalonso si onse amalikonda poyamba. Akakana, musaumirize ndipo musakhumudwe. Akakonda adzanena okha kuti muonjezereko. Ngati pali wina wa matenda othamanga magazi, kumbukirani kuti tchizi chili ndi mchere wambiri, mbale yake ikhale yaing'ono.

Za nthawi: gulani tchizi Loweruka, chikhale m'firiji chokulungidwa bwino. Magetsi akazima maola angapo, chibuluma cholimba sichiwonongeka msanga bola firiji musamaitsegule pafupipafupi. Mukapeza kankhungu pakona, pa tchizi cholimba mungathe kudula mozama, chala chimodzi kuzungulira pamalopo, n'kugwiritsa ntchito chotsalacho. Koma chopala kale chikachita nkhungu, chonsecho n'chotaya. Lamlungu mukachoka ku tchalitchi, yambani ndi nkhuku ndi ndiwo zamasamba. Makaroni, phala ndi kuwotcha zimatenga pafupifupi ola limodzi. Mphika wa makaroni ukakhala ndi makala pa chivundikiro, ndi pamene mutereke madzi a nsima pa mbaula, mutausunthira mphikawo pansi pa njerwa zitatu ndi timakala take tochepa. Nsima ikamapsa, makaroni adzakhala atapuma mphindi zake 10, zonse zifika patebulo zotentha.

Zotsala musazisiye mumphika mpaka madzulo. Chakudya cha mkaka chisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala ola limodzi ndi lokwanira. Chikazizirako chilowe m'firiji chovundikira, mudye pasanathe masiku atatu. Potenthetsa thirani mkaka masupuni angapo, moto wofatsa, takasani mpaka chitenthe bwino mpaka pakati. Ngati firiji mulibe kapena magetsi sakudalirika tsiku limenelo, pakulirani anansi mbale chikadali chotentha.

Pomaliza, ngati mungathe, Lachinayi kapena Lachisanu yesani kaye pang'ono: kapu imodzi ya mkaka, supuni imodzi ya batala, supuni imodzi ndi theka ya fulawa, tchizi chodzaza dzanja, ndi makaroni kapu imodzi. Dzanja lanu lidzazolowera chibuluma chija cha poyamba, ndipo mudzadziwa ukali wa mbaula yanu Lamlungu lisanafike. Mudzandilembere mmene apongozi adzalandirire.